Amene Asunga Makiyi Usiku

Pamene mowa udamumanga manja ndi miyendo mwana wa mlongo wanga, mpaka kufika pogulitsa njinga ya bambo ake, malata awiri a pakhitchini, ndi mbewu yomwe mayi ake adasungira dzinja, ine mtsibweni wake, amene mwambo wa makolo udandisenzetsa mbumba, ndidamtengera ku nyumba ina ya kunja kwa tauni kumene amagonekako anthu ofuna kuleka mowa, chamba ndi mankhwala ozunguza bongo, malo amene achinyamata a lero amangoti ku rehab. Dzina la nyumbayo sinditchula, pakuti sindidadzere kuzenga mlandu. Chimene chidandigwira mtima kumeneko ndiye munthu mmodzi wa imvi zongoyamba kumene, amene anyamata onse ankamuitana kuti achimwene, pamodzi ndi mpando wake wapulasitiki wothyoka mwendo umodzi, womangidwa ndi waya.

Munthuyu ankayenda ndi mulu wa makiyi omangirira ku lamba ndi chingwe cha nsapato, ndipo ankadziwika ndi kulira kwake asanaoneke: kiyi wa ku stolo ya ufa, wa kabati ya mankhwala, wa pageti. Koma kiyi mmodzi adamchotsa pa muluwo nampachika pa msomali pamwamba pa chitseko cha chipinda chogonamo anyamata, ndipo dzimbiri lake lidachitira umboni kuti padapita miyezi asanalowe m'loko. Kukada, iye ankakokera mpando uja pakhomo penipeni, nafunda jekete la pakaunjika, nakhala pomwepo mpaka tambala woyamba. Nditamufunsa chifukwa chimene ankadzizunzira chotero pamene loko analipo, adandiyang'ana monga ayang'anira mlendo wosadziwa njira ya kudambo, nati, "Atsibweni, loko alibe makutu. Mwana akamakomoka m'katimu, loko angokhala duu."

Ntchito imeneyi ili ndi antchito amitundumitundu, ndipo ambiri a iwo safuna mawu ochuluka. Alipo mayi wophika, amene amadziwa msanga kuposa dokotala kuti wodwala wayamba kuchira, popeza mbale imabwerera yopanda mkute; alipo wa kudimba, amene amagawa makasu m'mawa nawawerenga madzulo; alipo namwino, ndi mlangizi wopereka uphungu amene amakhazika anyamata mozungulira kuti aliyense anene zake. Koma msana wa nyumba zoterezi, kwathu kuno ndi kutsidya kwa nyanja komwe, ndi anthu onga achimwene aja, amene iwo eni adakhalapo akapolo a botolo kapena a chamba, nawomboka, nabwerera kudzagwira ena dzanja. Mwambowu udachokera kutali. M'chaka cha 1935, mu mzinda wa Akron ku Ohio, zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala wina wotchedwa Bob Smith, zidapeza kuti chidakwa chimamva bwino mawu a chidakwa chinzake, ndipo pamenepo padabadwa gulu la Alcoholics Anonymous. Ndipo nyumba ya Hazelden, imene idatsegulidwa ku Minnesota mu 1949, idali imodzi mwa zimene zidakhazika zidakwa zochira pambali pa madokotala monga alangizi, ndi kuzoloweretsa dziko chigonero cha masiku 28 chimene nyumba zambiri zikutsatabe. Achimwene aja mbiri yonseyi sankaisamala. Iwo ankangoti, "Chibaba ndimachidziwa mayendedwe ake, chimabwera cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo sichigogoda."

Kuti owerenga amvetse chifukwa chake usiku ndiwo uweruza nyumba yotere, ayenera kudziwa chinthu chimene ife a kumudzi, amene tidakulira pakati pa kachasu ndi masese, sitidachilabadire: kuti munthu amene wamwa kolimba tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, akalekezedwa mwadzidzidzi, akhoza kufa ndi kulekako. Zimayamba ngati matsire wamba, manja kunjenjemera, thukuta, kusanza, tulo kuthawa. Koma pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati akhunyu, ena amabwebweta naona njoka ndi nyerere pakhoma poyera, mtima ukuthamanga, thupi likutentha, matenda amene madokotala amati delirium tremens. Mankhwala ake ngodziwika ndiponso si odula, diazepam woperekedwa mwa muyeso ndi vitamini B1 woteteza ubongo, koma amafuna munthu wophunzira woyeza wodwala kawirikawiri ndi kudziwa nthawi yothamangira naye ku chipatala chachikulu. Namwino wa panyumbapo, mayi wachikulire amene ankabwera masiku atatu okha pa sabata chifukwa ndiwo amene mwini nyumba ankatha kulipira, adandiuza akupinda chingwe cha makina oyezera BP kuti chimene ankaopa si wa chamba wolalata, koma wa kachasu wofatsa amene makolo ake adabisa kuchuluka kwa zimene ankamwa. "Amachita manyazi," adatero, "amati amangolawa pa Khirisimasi. Tsono ine ndimapita kwathu 5 koloko, ndipo usiku wachitatu mwanayo amatsala ndi achimwenewa ndi foni yopanda mayunitsi." Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo pano manyazi ndi a makolo koma wofera kuuna ndi mwana.

Malamulo oyendetsera nyumba zimenezi alipo, ndipo powawerenga munthu sangapezemo chotsutsa. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, WHO, pamodzi ndi nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo ndi umbanda, UNODC, adasindikiza mu 2020 miyezo ya kathandizidwe ka anthu otere, imene mutu wake ndi wakuti chizolowezi chotere ndi matenda ofuna chithandizo osati chilango, kuti munthu alowe atavomera yekha ndi kudziwa chimene akuvomera, kuti asamenyedwe, asamangidwe unyolo kapena kuchititsidwa manyazi, kuti za iye zilembedwe ndi kusungidwa mwachinsinsi, ndi kuti omusamala akhale ophunzitsidwa. Ku South Africa lamulo la nambala 70 la m'chaka cha 2008 limaletsa munthu aliyense kuyendetsa nyumba yotere popanda kuilembetsa ku unduna woona za chisamaliro cha anthu, ndipo limapatsa oyendera mphamvu zolowamo ndi kufufuza. Kwathu kuno, kumene lamulo la Mental Treatment Act la 1948, la m'nthawi ya Atsamunda, lidalamulira za matenda a maganizo kwa zaka zoposa 70, madokotala amalembetsa ku Medical Council of Malawi ndipo anamwino ku Nurses and Midwives Council. Chipatala cha boma cha Zomba Mental chimalandira ambiri amene chamba ndi mowa zidawasokoneza mutu, ndipo a St John of God, amene adayambira ku Mzuzu nafikanso ku Lilongwe, amagoneka odwala otere ndi kuphunzitsa anamwino ndi alangizi ku sukulu yawo. Koma achimwene aja, posakhala dokotala kapena namwino, dzina lawo silili m'kaundula wa mabungwe awiri aja. Ndipo taonani, ndi iwo amene amakhala maso pamene onse a m'kaundula ali m'tulo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani ya ndalama, imene ndidaiona ikudya nyumbayo monga chiswe chidyera mzati, kunja kuli bwinobwino. Mwini nyumbayo, bambo wopemphera amene sindikukayika kuti adayamba ndi mtima woongoka, adanditulutsira pepala la zofunika pa nyumba yotere, nayendetsa chala mzere ndi mzere, natchula mtengo wa uliwonse monga achitira wogulitsa pa golosale. Namwino wa usiku, malipiro a mwezi. Zozimitsira moto, kugula ndi kudzazitsa. Bedi lililonse danga lake, ndiye kuti odwala achepe pamene lendi ili pomwepo. Galimoto yothamangira kuchipatala, mafuta. Chakudya cha magulu onse, pamene iye ankasinthanitsa nyemba ndi soya pisi, usipa Lamlungu. "Olemba pepalali," adatero, "sadaonepo mayi akumasula mfundo ya chitenje." Pakuti olipira ndi otero ndithu: amasiye ogulitsa mbuzi, akazi okongola ku banki m'khonde, alongo olowa katapila, amene amapereka theka la mwezi woyamba ndi lonjezo, kenaka foni yawo osapezekanso. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa wotchipa udangosintha chovala nulowa m'timabotolo, ndipo pageti la nyumbayo sipadaleke kufika anyamata a zaka zosakwana 20. Osowa ndi amene angawalipirire. Ndalama zikachepa, woyamba kuchedwetsedwa malipiro ndi wa pampando uja, pakuti amadziwika kuti sangachoke msanga, popeza nyumbayo ndiyo idamuwombola; wachiwiri ndi mlangizi wa satifiketi, amene amapirira miyezi ingapo napita ku bungwe lolipira bwino; ndipo mpata umene iye wausiya, chimene chimaudzaza ndi loko, pakuti loko amagulidwa kamodzi, sadya, sadwala, ndiponso sapempha tchuthi.

Palinso china chimene mwini nyumbayo adachinena motsitsa mawu, ndicho chakuti makolo eni ake ndiwo amafuna loko. Amene wagulitsa mbuzi zitatu safuna kumva kuti mwana watuluka pa tsiku lachinayi chifukwa lamulo likuti ngwaufulu. Amafika ndi mkwiyo kudzaitanitsa ndalama zake. Ndipo ine, amene ndikulemba izi ngati munthu wanzeru, ndivomere kuti tsiku loyamba lija ndidayang'ana kutalika kwa mpanda ndi magalasi osweka a pamwamba pake, mtima wanga nukhala pansi.

Chimene loko amachita zinthu zikavuta chidaoneka ku maiko ena, ndipo sichiyenera kuiwalika. Mu Januwale 2012, ku San Juan de Lurigancho mu mzinda wa Lima ku Peru, moto udabuka m'nyumba yotere yopanda chiphaso, ndipo anthu oposa 25 adafera m'katimo chifukwa zitseko zidali zokhoma. Mu Januwale 2019 zomwezo zidachitikanso ku Guayaquil m'dziko la Ecuador, nafa anthu 18. Ndipo ku Gauteng m'dziko la South Africa, m'chaka cha 2016, akuluakulu a zaumoyo pofuna kupulumutsa ndalama adasamutsa odwala maganizo kuchoka ku zipatala za Life Esidimeni kupita nawo ku timabungwe topanda ziphaso zoyenera, ndipo 144 adamwalira, ena ndi njala ndi ludzu, monga zidaululika pamaso pa woweruza Dikgang Moseneke. Iwowo sadali a mowa kapena chamba, koma muzu wa tsokalo ndi womwewo, kufuna kusunga anthu osatha kudziteteza pa mtengo wochepera pa umene kusungako kumafuna.

Komabe mtima wanga sukhazikika pa yankho lapafupi lakuti nyumba iliyonse yoperewera pa muyeso itsekedwe mawa. Mkulu wina amene adagwirapo ntchito yoyendera zipatala zazing'ono adandiuza kuti woyendera amafika masana, atamveka kale kuti akubwera, napeza pansi pokolopa, mafayilo oyalidwa, namwino atavala yunifolomu yochapa. Chikomekome cha mkuyu, nyerere zili m'kati, ndipo nyererezo zimatuluka usiku pamene galimoto ya boma ili kale m'galaja. Adatinso kutseka nkosavuta, pakuti kumangofuna kalata ndi chidindo, koma anyamata 20 amene watulutsa sabwerera ku nyumba yabwinopo, chifukwa kulibe kapena sangaikwanitse; amabwerera kwa mayi wawo, amene chida chake chotsala ndi chingwe ndi mtengo wa mango wa kuseri, kapena kumalo a mapemphero kumene ena amamangidwa kuti chiwanda chituluke. Ndikaganiza zimenezi ndimaona kuti muyeso umene ndingaukhulupirire ndi wofunsa mafunso a usiku, kuti ndani ali maso, adaphunzitsidwa chiyani, adalipidwa liti komaliza, ndipo kodi chitseko chingatseguke kuchokera m'kati. Ndimaonanso kuti amene alamula namwino wa usiku osathandiza kupeza malipiro ake walamula loko ndi dzanja lake lamanzere.

Mwana wa mlongo wanga adafuna kuthawa usiku wachitatu. Adandiuza yekha pambuyo pake kuti adadzuka thupi lonse likunjenjemera, nanyamula nsapato m'manja, nafika pakhomo, achimwene aja sadamgwire, koma adasuntha mpando, nati, "Tiyeni ndikuperekezeni, mphwanga, kunja kuli agalu." Adayenda naye mpaka pageti, akumufunsa za mpira ndi za mayi ake, dzanja lili pamkono pake ngati mwa chikondi chabe, pamene kwenikweni ankamva kuthamanga kwa mtima monga namwino uja adawaphunzitsira, nakhala naye pa njerwa kufikira kum'mawa kudayera, ndipo mnyamatayo adabwerera yekha kukagona.

Tsiku lokamtenga, ndidapeza kiyi uja akali pamsomali. Achimwene adandiperekeza mpaka pamsewu, atanyamula chikwama cha mnyamatayo, ndipo minibasi ikuyandikira adandikokera pambali, nandiuza monong'ona kuti miyezi iwiri yatha osalandira kanthu, kuti mwana wawo wamkazi wabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi, ndi kuti abwana anena kuti kuyambira mwezi wamawa chipindacho chizikhomedwa. Kenaka adafunsa ngati sindikudziwako Mmwenye kapena munthu wina wa sitolo m'tauni amene akufuna mlonda wa usiku wosamwa mowa.