Injini ikayamba kulira ngati njoka

M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, sizachilendo kupeza galimoto itaima pachikweza cha Thabwa kapena cha Chiweta, boneti ili yasaa, nthunzi ili tolotolo, okwera atakhala m'mbali mwa msewu ndi katundu wawo. Zambiri mwa galimoto zotere zimakhala zitachenjeza kale. Kaphokoso koti "psiii", ngati njoka yopondedwa mchira, kamakhala katamveka kwa masiku angapo, koma dalaivala amangokweza wailesi.

Phokoso limeneli limatanthauza kuti china chake, kaya ndi nthunzi kapena mpweya, chikudutsa pakabowo pomwe sichiyenera kudutsa. Makaniko wodziwa ntchito asanagwire sipanala amayamba wafunsa nthawi yomwe phokosolo limamveka, chifukwa yankho lake ndilo limaloza pomwe pali nthenda.

Likamamveka injini itatentha, kapena itangozimitsidwa kumene pambuyo paulendo, kawirikawiri vuto limakhala la madzi oziziritsa injini. Mwina payipi ya labala yang'aluka, rediyeta yabowoka, kapena chivindikiro chake chatopa. Nthawi zina amakhala madzi kapena oyilo wodonthera pa ekizosi yotentha, monga madzi achitira akagwera pachiwaya chili pamoto.

Chivindikiro cha rediyeta ambiri amachipeputsa, ena mpaka kutsekapo ndi chiguduli chikasowa. Komatu m'kati mwake muli sipuling'i yomwe imapanikiza madzi kuti asawire msanga. Madzi a mumphika amawira pa madigiri 100 kumalo otsika, ndipo ku Dedza, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, amawira pa madigiri 95 okha. Akapanikizidwa mu rediyeta amatha kufika cha m'ma 120 asanawire. Pakangobowoka penapake, mphamvu yopanikizayo imathawa, madzi nkuyamba kuwira ndi kutuluka ngati nthunzi.

Apa mpomwe anthu amavulalira. Munthu akatsegula chivindikirocho injini ili yotentha, madzi amene anali opanikizidwa aja amawira nthawi yomweyo ndi kumuthovokera kumaso ndi m'manja. Choyenera nkuimika galimoto pamalo abwino, kuzimitsa injini ndi kudikira mphindi zosachepera 30. Potsegula, pafunika kuphimba chivindikirocho ndi nsalu yokhuthala nkuchipotokola pang'onopang'ono. Wina akapsa, pabalapo pathiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20 kenaka athamangire naye kuchipatala. Zopakapo mankhwala otsukira mano kapena dzira zimangoipitsa bala.

Injini ikazizira, podontha sipavuta kupapeza: pamakhala ponyowa kapena pamatsala zoyera ngati mchere. Payipi yofewa kwambiri, yotupa kapena yong'aluka isinthidwe pamodzi ndi zomangira zake. Kuikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kungathandize kufika pagalaja yapafupi basi, osati kuyendera mwezi wonse. Ena amathira dzira mu rediyeta kuti litseke bowo, koma limatsekanso timipata toyenda madzi. Madzi a pamjigo nawo amasiya litsiro longa la m'ketulo, nchifukwa chake pafunika coolant. Coolant-yo asungidwe patali ndi ana komanso agalu, poti amatsekemera koma ndi poizoni.

Wokakamiza galimoto singano ya geji ili pofiira amagula mavuto aakulu. Hedi ya injini za galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan ndi ya aluminiyamu, ndipo ikatentha mopyola muyeso imapindika, gasiketi nkupsa. Zikatero ku ekizosi kumatuluka utsi woyera wosatha, oyilo amaoneka ngati tiyi wamkaka, ndipo madzi amangotha popanda podontha. Ntchito yomwe ikadatha ndi mtengo wa payipi imodzi imasanduka yophwasula injini, ndipo ngati ndi minibasi kapena pikapu yodyetsa banja, imagona pagalaja masiku angapo osalowetsa kanthu.

Mtundu wina wa phokosoli umamveka injini ikulira galimoto itaima, ngakhale m'mawa isanatenthe. Apa ndiye kuti injini ya petulo ikukoka mpweya wakuba kudzera pakapayipi kong'aluka kapena kosololoka. Imanjenjemera, kulira kwake kumakwera ndi kutsika, ndipo nthawi zina imazima pamphambano. Amakaniko amatenga chidutswa cha payipi, mbali imodzi kukhutu, inayo nkumayendetsa pafupi ndi timapayipi mpaka phokoso litakula. Pochita izi manja ndi malaya zitalikire lamba ndi fani, makamaka poti fani yamagetsi imayamba yokha kuzungulira mosachenjeza. Zowaza petulo pa injini pofuna kupeza bowo nzoputa moto. Kapayipi kakapezeka, kusintha kwake nkwa mphindi zochepa.

Choopsa nchakuti mabuleki amadaliranso mpweya wokokedwa womwewo. Phokoso likamamveka cha kumapazi dalaivala akaponda buleki, ndipo bulekiyo yalimba ngati mwala, ndiye kuti busita kapena payipi yake yawonongeka. Kuyesa kwake nkosavuta: injini ili chizimire, aponde buleki kanayi kapena kasanu mpaka italimba, aigwire choncho nkuliza injini. Buleki yabwino imatsika pang'ono. Ikapanda kutsika, galimotoyo isanyamule anthu kufikira itakonzedwa.

Pa galimoto za dizilo zokhala ndi turbo, phokoso lomveka poponda moto, limodzi ndi utsi wakuda komanso kufooka pachikweza, limaloza payipi yaikulu ya mpweya yomwe yang'ambika kapena kumasuka. Koma kaphokoso kamasekondi ochepa komveka munthu akangozimitsa makina oziziritsa m'galimoto sikodetsa nkhawa: ndi gasi chabe amene akukhazikika m'mapayipi ake.