Thomas Baines: Mmisiri wojambula amene sanafike ku Nyanja ya Malawi

Lilongwe, Mana: Pamene David Livingstone ankayamba ulendo wake wa pamtsinje wa Zambezi mu 1858, boma la Britain lidamupatsa mmisiri wojambula zithunzi ndi penti, Thomas Baines, yemwe adapatsidwanso udindo wosunga katundu wa paulendowo.

Baines adabadwira ku King's Lynn m'dziko la England mu 1820, ndipo adafika ku Cape Town mu 1842. Asanabwere ku Zambezi adali atayenda kale kumpoto kwa Australia monga wojambula wa gulu la Augustus Gregory.

Ntchito yake idali kujambula maonekedwe a malo monga mapiri, mitsinje, mitengo ndi midzi. Ali kutchire ankakonda penti wosungunula ndi madzi chifukwa ngwosavuta kunyamula ndipo amauma msanga. Akapeza pokhala ankatenga zina mwa zithunzizo n'kuzijambulanso pansalu ndi penti wa mafuta, amene amatenga masiku kuti aume koma amakhalitsa.

Ali ku Tete, komwe ankadwaladwala malungo, adajambula tauniyo komanso mathithi a Cahora Bassa, omwe adalepheretsa sitima ya Livingstone kupitirira. Damu limene adalimanga pamalopo m'zaka za m'ma 1970 lidasintha mtsinjewo kotheratu, choncho zithunzi zake ndi umboni wa momwe malowo ankaonekera kale.

Mu 1859 Livingstone adamuchotsa ntchito pomuganizira kuti ankasakaza katundu wa gulu, mlandu womwe Baines adaukana mpaka imfa yake. Chaka chomwecho, mu September, Livingstone adafika ku Nyanja ya Malawi popanda mmisiriyu, ndipo dziko lino lidataya mwayi wokhala ndi zithunzi zake za nyanjayi.

Baines sadafooke. Mu 1862 adafika ku Victoria Falls pamodzi ndi James Chapman, ndipo mu 1865 adasindikiza buku la zithunzi za mathithiwo. Mitengo ya malambe imene adaijambula ku Nxai Pan m'dziko la Botswana imadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Adamwalira ku Durban mu 1875.

Mbiri imeneyi ikutikumbutsa kuti chithunzi cha malo si chokongoletsa khoma chabe ayi. Mzinda wa Lilongwe wasintha kwambiri kuchokera pamene udakhala likulu la dziko lino mu 1975. Kumadera monga Chinsapo, Mgona ndi Area 25, malo ambiri amene adali minda ndi madambo tsopano ndi nyumba zokhazokha, pomwe nkhalango ya Dzalanyama ikutha ndi makala.

M'makomboni amenewa muli achinyamata aluso lojambula, koma kawirikawiri amadalira alendo akunja kuti awagule zithunzi. Maunduna, makhonsolo ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale atamagulako ndi kusunga bwino zithunzi zotere, adzukulu athu adzaona momwe mtsinje wa Lingadzi ndi phiri la Ngwenya zikuonekera lero.