Mipando ya aphungu ndi imene inasunga Mosisili, ndi imenenso inamugwetsa

Pakalitha Mosisili anali nduna yaikulu ya Lesotho kuyambira 1998 mpaka 2012, nabwereranso mu 2015 kufikira 2017. Anthu akamva zaka zimenezi amathamangira kumuika m'gulu la atsogoleri okakamira pampando. Ntchito yanga ndi kusanthula malamulo a zisankho, ndipo ndikuti nkhani ya bamboyu singamveke tikangoyang'ana khalidwe lake. Ku Lesotho anthu savotera nduna yaikulu. Amavotera aphungu, kenako Mfumu Letsie III imapereka udindowo kwa yemwe aphungu ambiri ali pambuyo pake. Lamulo silimuikira malire a zaka. Amachoka tsiku limene aphunguwo amutembenukira. Kwathu kuno ku Malawi Bingu wa Mutharika anatuluka mu UDF mu 2005, natsala ndi aphungu ochepa, koma anamaliza teremu yake chifukwa anasankhidwa ndi anthu. Ku Maseru, likulu la Lesotho, sakanapita patali.

Mosisili anali mphunzitsi wa zilankhulo za mu Africa pa yunivesite asanalowe m'nyumba ya malamulo mu 1993 monga phungu wa Qacha's Nek. Ntsu Mokhehle, nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, atakalamba anamusiyira chipani cha LCD, ndipo pachisankho cha 1998 chipanichi chinatenga mipando 79 mwa 80. Mavoti ake anali pafupifupi 60 pa 100 alionse. Ndiye kuti anthu anayi mwa khumi anavotera otsutsa, nkupeza phungu mmodzi yekha. Sipafunika kuba mavoti kuti izi zichitike. Ndi mmene zimakhalira pamene wopambana m'dera atenga zonse, wotsatira nkubwerera chimanjamanja ngakhale atasiyana pang'ono. Mkwiyo unabuka, asilikali a South Africa ndi Botswana analowa m'dzikomo mu September, ndipo masitolo ambiri a mu Maseru anapsa. Mankhwala amene anapezeka anali kusintha kawerengedwe. Kuyambira 2002 mipando inakhala 120: 80 ya madera, 40 yogawidwa potengera mavoti a chipani m'dziko lonse. Lamulo limeneli linachititsa kuti kupambana kwake kwa 2002 kulandiridwe popanda moto. Lomwelonso linamugwetsa mu 2012, pamene chipani chake chatsopano cha Democratic Congress chinaposa zonse ndi mipando 48 koma osafika 61 yofunika kuti munthu alamulire. Tom Thabane anasonkhanitsa zipani zitatu nakhala nduna yaikulu, Mosisili nakakhala kumbali yotsutsa.

Wina anena kuti ndikumuyeretsa, ndipo ali ndi mfundo. Mu 2007 LCD inagwirizana ndi kachipani ka National Independent Party kuti itolenso mipando ija ya 40, imene cholinga chake chinali kupepesa oluza. Mu February 2012 iye anachoka mu LCD ndi gulu la aphungu, nakhalabe nduna yaikulu pansi pa mbendera ina popanda kufunsa ovota. Mu March 2017 aphungu atamuvotera kuti samukhulupiriranso, analangiza mfumu kuthetsa nyumba ya malamulo m'malo motula pansi udindo. Zonsezi ndi ukathyali, sinditsutsa. Koma taonani chimene ankasaka nthawi zitatu zonsezi: mipando. Ngakhale maphunziro aulere a pulayimale mu 2000 ndi penshoni ya okalamba a zaka 70 kupita mtsogolo mu 2004, zinthu zabwino ndithu, zinamangitsa mavoti a kumapiri amene ankamupatsa aphungu.

Chitsutso cholemera ndi cha asilikali. Atabwerera mu 2015 ndi mgwirizano wa zipani zisanu ndi ziwiri, anabwezera Tlali Kamoli pa ukulu wa asilikali, ndipo mu June chaka chomwecho Maaparankoe Mahao, amene Thabane anamuika paudindowo, anaomberedwa ndi asilikali anzake. Apa kuwerenga mipando sikufotokoza zonse, ndipo mlandu wa nyengo imeneyi suchoka pa boma lake. Komabe mfuti sizinamusunge. Ataluza chisankho cha June 2017 anachoka. Mipata imene anadutsamo inatsekedwa pambuyo pake ndi malamulo: pepala lovotera linakhala limodzi kuyambira 2012 kuti mgwirizano ngati wa 2007 usathekenso, ndipo mu 2020 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti nduna yaikulu yokanidwa isathenso kuthawira kuchisankho.