Mbalame ya dodo ndi chambo chathu



Ku yunivesite ya Oxford ku England kuli nyumba yosungiramo zachilengedwe, myuziyamu, yomwe idatsegulidwa mu 1860. Kulowa n'kwaulere. Mlendo amaonamo mafupa a nyama zakale, miyala, tizilombo ndi mbalame zouma. Chilichonse chili ndi kapepala konena kumene chidapezeka ndi chaka chake. Kapepalako ndiye umboni: wobwera patapita zaka 100 amadziwa kuti pamalo pakutipakuti padali chakutichakuti.

Chimene anthu amathamangira kukaona kumeneko ndi dodo. Inali mbalame yaikulu yosauluka, ya pachilumba cha Mauritius, mbale wake wa nkhunda. Amalinyero achi Dutch adafika pachilumbacho mu 1598. Ankaigwira mosavuta poti sinkaopa munthu, ndipo nkhumba, anyani ndi makoswe obwera ndi zombo ankadya mazira ake. Itaoneka mu 1662, sinadzaonekenso. Zaka 64 zokha, mtundu wonse psiti! Ku Oxford kwatsala mutu wokhala ndi khungu lake ndi phazi, basi.

Nsomba za m'nyanja yathu nazonso zili m'nyumba zotere. John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, adatengako zina kupita nazo ku London, ndipo mu 1864 Albert Günther adazilemba m'mabuku, kuphatikizapo mtundu wina wa chambo. Mu 1941 mayi Ethelwynn Trewavas adalemba za lidole, chambo chachikulu chija cha m'madzi akuya. Lero akatswiri adachiika pa mndandanda wa nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Funsani akuluakulu a padooko kuti adachiona liti komaliza.

Chambo chimatha chonchi: mayi amasunga mazira ndi ana m'kamwa, kenako amakawasiya m'madzi osaya muli udzu ndi bango. Tikakoka khoka nthawi yoswana, tapha mayi ndi ana omwe. Tikasefa kasawala ndi neti ya udzudzu, tadya mbewu. Mlimi aliyense amadziwa kuti wokazinga mbewu chaka chamawa amapempha.

Njira ilipo. Ku Mbenji, m'boma la Salima, mafumu amatseka chilumba nyengo ya mvula chaka ndi chaka, ndipo potsegula asodzi amapeza utaka wochuluka.

Allah adatiika kukhala khalifa pa dziko. Nyanjayi ndi amana, tidzafunsidwa za iyo pa tsiku la Qiyama. Choncho tilemekeze nyengo yotseka nyanja, neti ya udzudzu ikhale pa mphasa yogona ana, bango la m'mbali tisalitche lonse, ndipo makomiti a padooko tiwathandize m'malo mowaopseza. Myuziyamu imatha kusunga khungu ndi mafupa, koma kubweza mzimu singathe. Insha Allah zidzukulu zathu zidzadye chambo ndi nsima, osati kukachiona m'botolo ku London.