Masamu obisika m'mawu a Chichewa

Mayi wa ku Chibanja mumzinda wa Mzuzu akafuula kuti "Mwana yamuluma njoka!" palibe amene angaganize kuti mwanayo ndiye waluma njoka. Anthu amathamanga kukasaka galimoto yopita kuchipatala, ngakhale kuti dzina la mwana ndilo layamba kutchulidwa.

Chimene chimawathandiza kumva bwino ndi timawu tiwiri tokha: "ya" ndi "mu". Timawu totere tidatchukitsa Chichewa pakati pa akatswiri a zilankhulo padziko lonse.

M'chaka cha 1987, Sam Mchombo, Mmalawi amene pambuyo pake adaphunzitsa payunivesite ya California ku Berkeley, ndi Joan Bresnan wa ku Stanford, adalemba kafukufuku wa nkhaniyi m'magazini ya Language.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Mawu atatu, njoka, mwana ndi mneni, angasanjidwe m'njira 6, popeza 3 kuchulukitsa ndi 2 ndi 1 ndi 6. Mneni akakhala "yaluma", awiriwa adapeza kuti njira ziwiri zokha ndizo zimamveka: "Njoka yaluma mwana" ndi "Yaluma mwana njoka". Koma kungowonjezera "mu", njira zonse 6 zimaloledwa. "Mwana njoka yamuluma", "Yamuluma njoka mwana", tanthauzo silisintha.

Malinga ndi akatswiriwa, "mu" ndi mlowam'malo wa dzina amene adalowa mkati mwa mneni. Iye ndiye amagwira ntchito ya wolumidwa, choncho dzina loti "mwana" limamasuka kukhala paliponse.

Pofotokoza izi adagwiritsa ntchito njira yotchedwa Lexical Functional Grammar, imene Bresnan adayambitsa ndi Ronald Kaplan m'zaka za m'ma 1970. Njirayi imajambula chiganizo kawiri: mtengo woonetsa dongosolo la mawu, ndi tebulo loonetsa wochita ndi wochitiridwa. Mitengo 6 ija imatsikira patebulo limodzi. "Ya" ayenera kugwirizana ndi gulu la dzina loti njoka, "mu" ndi gulu la mwana. Akasemphana, kompyuta imakana chiganizocho monga samu yolakwika.

Vuto limabwera mayina onse akakhala a gulu limodzi. "Mwana wamuluma galu" timawu sitingathandize. Womvera amangodalira nzeru yoti ana saluma agalu. Apa makina omasulira, monga Google Translate imene idayamba Chichewa mu 2014, angathe kusokoneza wolumidwa ndi woluma.

Mchombo adatambasula zambiri m'buku lake la 2004, The Syntax of Chichewa.