ZA KUMANGA TINYUMBA TA M'MBALI MWA NJANJI NDI KUTIKALAMBITSA

Nonsenu mudziwa kuti mwana akapeza dongo aumba ng'ombe, akapeza waya apinda galimoto, ndipo palibe amfunsa cifukwa cace. Koma kapena mudzazizwa pakumva kuti ku Ulaya ndi ku America alipo akuru-akuru a imvi amene madzulo, ataweruka ku nchito, akhala pa tebulo namanga tinyumba tosaposa cikhato ca munthu. Tinyumbato atiimika m'mbali mwa kanjanji koyendapo tisitima ta magetsi. Ndipo akatha kutimanga bwino-bwino, atidetsa dala kuti tioneke takale. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani za nchito imeneyi, pakuti tiyesa kuti muli phunziro m'menemo loyenera atate ndi ana ao.

Ciyambi ca zonse ndico muyeso. Sitima, nyumba, anthu ndi mitengo ziyenera kucepetsedwa mofanana; pakapanda kutero, munthu adzatalika kuposa citseko ca nyumba yace. Ku England ambiri atsata muyeso wochedwa OO, ndiwo 1:76, kunena kuti phazi limodzi la nyumba yeni-yeni lisanduka mamilimita 4. Ku Germany ndi ku America akonda wochedwa HO, ndiwo 1:87. Tsono pa muyeso wa OO citseko ca mapazi 6 ndi theka cikhala mamilimita 26, monga inchi imodzi, ndi njerwa ikhala mamilimita 3, ngati kanjere ka mapira.

Ofuna tinyumba totere ambiri agula zigawo zace m'bokosi. Makoma, tsindwi, mazenera ndi zitseko zifika zosalumikiza, zina za pulasitiki, zina za cikatoni, zina za matabwa opyapyala, pamodzi ndi pepala lolongosola mamangidwe ace. Mwa opanga zimenezi odziwika kwambiri ndiwo a Faller, kampani imene anaiyamba abale awiri m'caka ca 1946, ndipo ikhala pa mudzi wa Gütenbach ku Germany.

Mmisiri wanzeru sathamangira guluu ai. Ayamba wawerenga pepala lonse. Zigawo azidula ndi kampeni kakuthwa, osazithyola ndi zala, nasalaza podulapo ndi tupa. Pamenepo aziimika zosamata, kuti aone ngati zikumana bwino, nayesa ngondya zonse ndi sikweya. Pakuti khoma loyamba likapendeka, tsindwi silidzakhazikika konse. Makoma ndi mafelemu a mazenera awapaka utoto asanawalumikize, cifukwa zikalumikizidwa burashi silowa m'timipata. Guluu wa pulasitiki agwira mwa kusungunula pang'ono pulasitikiyo. Cifukwa cace kadontho kamodzi kakwanira, ndipo kakagwera pa zenera kasiya cipsera cosacoka. Wofuna kuikamo nyali apaka m'kati mwa makoma utoto wakuda, kuti kuwala kuturukire pa mazenera pokha.

Koma taonani: nyumba ija yatha, yoongoka, yopanda cirema, ndipo ukaiimika pambali pa njanji ioneka ngati coseweretsa ca ana. Cifukwa ninji? Cifukwa inyezimira, ndi njerwa zace zonse ziri za maonekedwe amodzi. Nyumba yeni-yeni siikhala cotero. Dzuwa liifwifwitsa, mvula iilemba mizere, utsi uidetsa, ndi anthu okhalamo asiya zizindikiro za manja ndi mapazi ao. Nchito yoika zizindikiro zimenezi pa kanyumba ndiyo tiicha kukalambitsa, ndipo ndiyo yobvuta koposa.

Njira zace zikuru ziripo zitatu. Yoyamba ndiyo utoto wosungunula kwambiri, wonga madzi otsukira mbale. Wotuwa authira pa khoma kuti ulowe m'mizere ya pakati pa njerwa, napukuta pamwamba ndi kansaru, ndipo mizereyo ioneka ngati simenti. Wakuda ulowa m'ming'alu nuonetsa mithunzi. Yaciwiri ndiyo burashi youma: aibviika mu utoto woyererapo, naipukuta pa pepala kufikira itatsala pang'ono kuuma, naipititsa mopepuka pa matabwa ndi pa tsindwi, kuti utoto ugwire potundumuka pokha. Yacitatu ndiyo ufa wa coko ca mitundu-mitundu: wakuda ukhala mwaye, wofiirira ukhala dzimbiri, wobiriwira ukhala ndere. Potsiriza awazapo vanishi wosanyezimira kuti ufawo usacoke.

Koma njira zonsezi ziri cabe ngati munthu sadziwa poika litsiro. Madzi atsika pansi. Tsono mizere yace iyenera kuyambira pansi pa zenera kapena pa msomali wadzimbiri nitsika coongoka. Mwaye ucuruka pa cumuni, ndiponso pa mlatho ndi pa tsindwi la siteshoni pamene utsi wa sitima za malasha unali kuomba. M'munsi mwa khoma muda ndi matope odumpha pakugwa mvula, ndipo matopewo atsata maonekedwe a dothi la pamalopo. Ku England ndere zikonda khoma la kumpoto, pakuti dzuwa la kumeneko liyenda cakumwera ndi khomalo likhala mu mthunzi. Nyumba iyeneranso kulowa pang'ono m'nthaka yace, ndi tiudzu m'mbali, isaoneke ngati yotula pamwamba. Ndipo cenjerani ndi kupyola muyeso: kuonjeza litsiro nkwapafupi, koma kulicotsa nkobvuta. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mmodzi wa iwo amene anabukitsa luso limeneli ndiye John Allen, wojambula zithunzi wa ku Monterey m'dziko la California. M'caka ca 1948 kanyumba kace kosungiramo mitu ya sitima kanapambana pa mpikisano. Kanali kofwifwa, kamwaye, ndi pa tsindwi pace panali tinkhunda pamodzi ndi zitosi zace. Iye anamwalira m'caka ca 1973, ndipo patangopita masiku owerengeka moto unaononga njanji yace yochuka ya Gorre & Daphetid. Koma zithunzi zace zinatsala, ndi amisiri ambiri aphunzirabe pa izo.

Kapena wina adzafunsa kuti, Kodi zonsezi zipindulanji? Tiyankhe ndi mbiri ya munthu wina. M'caka ca 1925 mnyamata wa ku Australia, dzina lace Roye England, anafika ku England nakhala kufupi ndi Swindon, m'mbali mwa cigwa cochedwa Vale of White Horse, m'mene munali kupita njanji ya Great Western Railway. Anakonda midzi ya m'cigwamo ndi nyumba zace zakale zofolera ndi udzu. Koma anaona kuti zinalikutha, zina kugumulidwa, zina kusandulizidwa. Analibe mphamvu yakuletsa zimenezi. Tsono anayendayenda m'midzimo, nayesa nyumba, nalemba maonekedwe ace, nazijambula; ndipo m'caka ca 1931 anayamba kumanga kanyumba kace koyamba, ka alendo, kochedwa Waggon and Horses.

M'caka ca 1954 iye ndi anzace anakhazikitsa nyumba yoonetseramo nchitoyi pa mudzi wa Long Wittenham, dzina lace Pendon. Kumeneko tinyumba sagula m'bokosi. Atidula m'cikatoni pa muyeso wa mamilimita 4, nalemba mizere ya njerwa ndi dzanja, napaka njerwazo imodzi-imodzi ndi utoto wa madzi, yina yofiira, yina yopserera, monga zinaliri pa khoma leni-leni. Udzu wa pa tsindwi poyamba anaupanga ndi tsitsi la munthu. Kanyumba kamodzi kangathe kudya miyezi yambiri. Roye England anamwalira m'caka ca 1995, koma anzace anapitiriza nchito; ndipo lero wofika ku Pendon aona midzi ya cigwa cija monga inaliri m'zaka za 1920 ndi 1930, ndi makoma ace okhota ndi matsindwi ace ofumbwa. Akadamanga tinyumba toyera-yera, tikadakhala tabodza. Popeza anasunga ngakhale zirema zace, tinasanduka mboni za moyo wa anthu amene anapita kale.

Phunziro lace ndi ili: wokalambitsa kanyumba ayenera kuyamba waphunzira kupenya. Tsono inu atate, ngakhale mulibe sitima kapena bokosi la ku sitolo, cikatoni, lumo, guluu, khala ndi dothi muli nazo. Tengani ana anu, mukaime nao pa nyumba yakale ya agogo ao. Afunseni kuti, Kodi mvula iomba khoma liti? Utsi wa ku khichini wadetsa pati? Nanga pa ciundo pakumbika bwanji, ndipo anapakumba ndi mapazi a yani? Akayankha, ayese nyumbayo ndi cingwe, nacepetse miyeso yonse mofanana, namange kace kakang'ono. Lumo ligwidwe ndi wamkuru. Nyumba ya agogo idzagwa tsiku lina, monga zigwa nyumba zonse. Koma mwana amene anaiyang'anitsa kufikira anadziwa ming'alu yace sadzaiiwala, ndipo adzakhala naco coonetsa ana ace.

Amene mudzayesa, tilembereni m'mene mwayendera. Tsalani bwino nonse.