Osamalira Mapulagini a WordPress

Webusaiti ya sukulu kapena ya kabizinesi ikamangidwa pa WordPress, zambiri zimene imachita zimachokera ku timapulogalamu towonjezera totchedwa mapulagini. Fomu yotumizira uthenga ndi pulagini, polipirira katundu ndi pulagininso. Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa WordPress mu 2003, mapulagini n'kubwera mu 2004, ndipo lero pa WordPress.org pali aulere pafupifupi 60,000. Ochuluka ndithu amasamalidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, ena atawerukako kale kuntchito yowalipira. Contact Form 7, imene Takayuki Miyoshi wa ku Japan anatulutsa mu 2007, ili pa mawebusaiti oposa 5 miliyoni. Tangoganizani madandaulo amene angachokere ku khamu lotero.

Anthu amaganiza kuti ntchito yosamalira pulagini ndi kulemba code basi. Koma nthawi yambiri imathera pa kuwerenga ndi kusanthula zimene anthu atumiza. Wina amangolemba kuti "sizikugwira", osanena kuti chafa n'chiyani. Wosamalira amayamba kufunsa: muli pa WordPress iti, PHP iti, theme iti? Kenaka amapempha munthuyo azimitse mapulagini ena onse, awayatse imodziimodzi mpaka vuto litabwereranso. Nthawi zambiri zimapezeka kuti mapulagini awiri akulimbana, ndipo wolakwa si amene wanenezedwayo. Webusaiti ikangoonetsa tsamba loyera mbee, amauza mwini wake ayatse WP_DEBUG, akope mzere wotchula fayilo ndi nambala ya pamene pavuta. Mzere umodzi umenewo umathandiza kuposa ndime zisanu zaukali. Vuto limene wosamalira sangathe kulibwereza pa kompyuta yake, sangalikonze.

Pa GitHub, webusaiti yosungirapo code, nkhani imene anthu atumiza imatha kupatsidwa chizindikiro: bug ngati chinthu chawonongeka, enhancement ngati wina akupempha chatsopano, duplicate ngati zinanenedwa kale, wontfix ngati sizidzachitika. Zokhudza chitetezo zimayenda mwakachetechete. Wopeza chiboo choti akuba angalowerepo amayenera kuuza wosamalira mwamseri, ndipo a WordPress.org amatha kutseka pulagini mpaka itakonzedwa.

Ine ndimaona kuti mbali yovutitsitsa ndi mapempho a zinthu zatsopano, chifukwa opempha ambiri amakhala anthu abwino okonda pulaginiyo. "Mungowonjezera kabatani kamodzi," amatero. Komatu kabataniko kadzafunika kuyesedwa WordPress ikangosintha, kulembedwa m'malangizo, ndi kuyankhidwira kakadzasokoneza ena. Ngakhale wina atalemba yekha code n'kuitumiza ngati pull request, zili ngati kupatsidwa mbuzi ya mphatso: wopereka wapita, msipu ukafuna ndiwe chaka ndi chaka. N'chifukwa chake wosamalira wodziwa ntchito amakana kawirikawiri, ndipo ndimamuikira kumbuyo. Amene ali ochenjera amasiya malo olumikizirapo otchedwa hooks, kuti wofuna zapadera adzipangire kapulagini kake popanda kulemetsa aliyense.

Malipiro ndi ochepa. Ena amagulitsa mtundu wa Pro wokhala ndi zowonjezera, ena amalandira zaufulu kudzera ku GitHub Sponsors imene inayamba mu 2019, ena sapeza kanthu. Laisensi ya GPL, imene WordPress imagwiritsa ntchito, imanena poyera kuti pulogalamu ilibe chitsimikizo chilichonse, koma izi siziletsa munthu amene sanalipireko kupereka nyenyezi imodzi yokha pa ndemanga yake ya pulaginiyo chifukwa sanayankhidwe tsiku lomwelo. Zimenezi zimandiwawa, ndipo zotsatira zake zimagwera tonse. Munthu akatopa amasiya. Pulagini imene sinayesedwe pa mitundu itatu yaikulu yatsopano ya WordPress imalembedwa chenjezo pamwamba, ndipo eni ake ena amaikapo chizindikiro cha adopt-me, kupempha wina aitenge.

Amene amaitengayo sakhala wabwino nthawi zonse. Mu 2017 pulagini ya Display Widgets, yomwe inali pa mawebusaiti pafupifupi 200,000, inagulitsidwa. Mwini watsopanoyo anabisamo code yoika zotsatsa zachinyengo pa mawebusaiti a anthu, eni ake osadziwa. Iwo ankangodina "Update" monga mwa nthawi zonse, pokhulupirira dzina limene analizolowera. A WordPress.org anaichotsa kangapo, iyo n'kumabwereranso, mpaka mu September chaka chomwecho pamene anamulanda mwini watsopanoyo mphamvu zonse pa pulaginiyo.